Tsiku Limene Ndinathyola Tiyi Ngati Mlendo

Lamulungu, 22 Disembala. Ndakhala pakhonde la loji, miyendo ndaipinda pampando wa nsungwi. Amayi aang'ono agona m'chipinda, chitseko asiya chotsekula. Akuti tulo ta masana n'timene anabwerera kuno. Mvula yangokata kumene. Kutsogolo kwangaku minda ya tiyi yatsetsereka mpaka kudamu, yosalala ngati aisita, ndipo kutali phiri la Mulanje latuluka theka m'mitambo. Mlendo aliyense akafika pakhonde pano amayamba waima, n'kupuma mozama. Ine ndikayang'ana ndimangoona mizere. Ndimadziwa mzere umene uli ndi linthumbu, ndi umene uli ndi dzenje pakati.

Ndilembe zonse kuyambira Lachisanu, mwina mtima ukhala pansi.

Amayi aang'ono ndi mng'ono wawo wa amayi anga. Ndi namwino ku Blantyre. Amayankhula mokweza, amaseka ndi thupi lonse, ndipo akandiona amayamba andikoka chikope kuti aone ngati ndili ndi magazi. Analonjeza kuti ndikakhoza bwino mayeso a teremu ino adzanditenga kokapuma, ndipo ndinakhoza. Malo anasankha okha. Loji ino kale inali nyumba ya bwana wa esiteti. Akuti ali mwana, akamapititsa chakudya kwa amayi kumunda, ankaiona pamwamba paphiri ndi denga lake lobiriwira, n'kumadziuza kuti tsiku lina adzagonamo. Anaitananso amayi, koma amayi anakana. Ino ndi nyengo ya mvula, tiyi akuphuka usiku ndi usana, ndipo Loweruka ndi tsiku la ntchito.

Amayi amathyola tiyi pa esiteti yomwe ino. Nyumba yathu ili kukomboni, kuseri kwa mitengo ya bulugama, ndipo ndi ya kampani. Ntchito ikatha, nyumba yathanso.

Chimene amayi aang'ono sakudziwa ndi dzanja la amayi. Linayamba dzinja lathali, lamanja, pamene chala chachikulu chimakumana ndi mkono. Limatupa, ndipo masiku ena amayi amalephera kutsekula botolo la mafuta. M'mamawa uliwonse amapita kuseri kwa nyumba, n'kuliviika m'madzi ofunda a mchere, n'kulimanga ndi kansalu kong'amba kuchitenje chakale. Kuchipatala cha esiteti sapita. Amati ukangolembedwa kuti dzanja lako lavuta, dzinja likubweralo dzina lako saliitana. Koma ndi dzanja limodzi munthu safika pamulingo wa tsiku. Choncho Loweruka ndi masiku a holide ine ndimadzuka nawo. Ndimakalowa kumapeto kwa munda, kufupi ndi bulugama, nkhungu isanachoke. Ndimamangirira thumba kumsana n'kuthyola, ndipo amayi akafika kumeneko amakhuthulira m'dengu lawo, ine n'kuzemba kubwerera kunyumba.

Lamulo limati mwana asapezeke m'munda. Mayi wina wa kukomboni kwathu anam'peza ndi mwana wake wamkazi atam'senzera masamba. Sabata isanathe tinaona mphasa ndi miphika yawo panja, mvula ikugwa, akudikira njinga zoti ziwanyamule.

Lachisanu m'mawa amayi ankandipesa tsitsi asanapite kuntchito, ine nditakhala pansi pakati pa mawondo awo. Ankapesa ndi lamanzere, ndiye chipeso chinkangokoka. Anandiuza zinthu ziwiri. Za dzanja ndisatchule kwa mng'ono wawo, chifukwa iwowo ndi amene anam'lera ndi tiyi yemweyu, ndipo mng'ono wawoyo akuchita kale zambiri pa sukulu yanga. Chachiwiri anachinena atandigwira pachibwano.

"Kumeneko ndiwe mlendo. Mlendo sadziwa tiyi. Ngakhale tsamba limodzi usaligwire, wamva?"

Ndinati ndamva.

Ndinakumana ndi amayi aang'ono ku Boma, ndipo tinakwera galimoto ya loji yomwe inabwera kudzagula ndiwo kumsika. Pageti mlonda anawerama kuti aone m'kati. Ine ndinayang'ana nsapato zanga. Ndinali m'diresi latsopano lachikasu, ndipo ndinkangopemphera kuti diresilo lindibise. Sindinkamudziwa mlondayo, koma pa esiteti munthu amene sukumudziwa amakhala kuti akudziwa mayi ako.

Chipinda chathu n'chachikulu kuposa nyumba yathu yonse. Muli mabedi awiri, bafa loyera la miyendo inayi ngati nyama, ndi matawulo ambiri moti sindinadziwe loyambira. Amayi aang'ono anadziponya pabedi ndi nsapato, n'kunena kuti aliyense wowaitana kuti akudwala akauze amake. Ine ndinakhala m'mphepete mwa bedi langa kuopa kukwinya nsalu. Pachakudya chamadzulo anatiikira mafoloko awiri aliyense. Nditamaliza ndinaimirira kuti nditole mbale, amayi aang'ono n'kundikoka diresi.

"Khala pansi iwe, ukufuna uwalande ntchito anthu?"

Kenako anabweretsa tiyi m'tiipoti yovekedwa kachipewa koluka. Anali wofiirira, woyera ngati uchi, wosafuna ngakhale shuga. Sindinamwepo tiyi wotero. Kwathu timamwa wa fumbi, wa m'timapepala ta kugolosale. Ndinam'mwa pang'onopang'ono ndikuganiza kuti mwina muli tsamba limene ndinathyola ine, ndipo maganizo amenewo anandiopsa, ngati wina angawaone pankhope.

Dzulo m'mawa, titadya, kunabwera mtsikana wa pa loji wovala malaya obiriwira. Anati alendo amene akufuna apita nawo kumunda akaone mmene tiyi amathyoledwera, ndipo akayesa nawo. Ndinauza amayi aang'ono kuti m'mimba mukundipweteka. Ndinaiwala kuti ndikunamiza namwino. Anandigoneka pabedi, n'kudina apa ndi apa, n'kundiuza kuti nditulutse lilime. Anati matenda anga ndi manyazi, ndipo mankhwala ake ndi kuyenda.

Tinali ochepa. Ife awiri, mtsikana uja, ndi azungu awiri okalamba, mayi ndi mwamuna wake, amene ankajambula chilichonse, ngakhale chitsa. Esiteti ndi yaikulu, minda ndi yambirimbiri, ndiye ndinkadzilimbitsa mtima kuti tikhoza kupita mbali ya kudamu. Koma pamphambano mtsikanayo anakhotera kumanzere, ndipo ndinamva fungo la bulugama. Njira imeneyo ndimaidziwa ngakhale nditatsinzina.

Othyola anali atabalalika m'munda, madengu kumsana, mapulasitiki atamangirira m'chiuno kuti mame asawanyowetse. Ndipo m'mphepete munaima akapitawo a gulu la amayi. Ndi bambo wamtali, wowonda, wa jasi la mvula lakuda ndi ndodo yaitali imene amaigoneka pamwamba pa tiyi kuona ngati munthu wathyola mosalaza. Sakalipa. Anthu amati bola akanamakalipa. Ine ndinali ndisanawaonepo pafupi, ndinkangoona jasi lawo patali m'nkhungu, ine nditanyonyomala pakati pa mizere.

Anatipatsa moni m'Chingerezi, n'kutigawira timadengu tating'ono ta alendo, toyera, ta zingwe zofewa. Anathyola kansonga kamodzi n'kukakweza m'mwamba kuti tione, masamba awiri ndi nsonga yake. Azungu aja anayamba kusankha limodzilimodzi, akuliyang'ana mbali zonse ngati akugula nsomba. Amayi aang'ono ankathyola akuseka, akuti zala zawo zinazolowera jakisoni. Ine manja ndinawaika kumbuyo.

"Tathyola iwe," anatero amayi aang'ono. "Sakuluma."

Akapitawo anali akundiyang'ana, ndipo ndinaona kuti kukana kundionetsa kwambiri kuposa kuthyola. Ndiye ndinaganiza zothyola moipa. Ndinatulutsa dzanja limodzi, n'kukoka tsamba lokhwima, lakuda, la pansi, limene pasikelo amakubwezera nalo dengu lonse. Ndinaliponya m'kadengu nditachita kutembenuka kuti ndione polowera. Ndinathyola lina lotero. Akapitawo anapita kukathandiza mzungu wamwamuna, ndipo ndinapuma.

Apo m'pamene ndinawaona amayi. Anali patsidya pa mizere ingapo, atatsalira m'mbuyo mwa anzawo. Mpango wawo wabuluu unali utanyowa. Dzanja lamanzere linkathamanga, lamanja linkangotsatira, likathyola kamodzi n'kupuma pamwamba pa tiyi. Dengu lawo linali lisanafike ndi theka lomwe, ndipo dzuwa linali litakwera. Loweruka lililonse nthawi ngati imeneyo amakhala atakhuthulira kale thumba langa. Dzulo kunalibe thumba, chifukwa ine ndinali nditagona pabedi la nsalu zoyera n'kudya mazira.

Sindikudziwa kuti ndinawayang'ana nthawi yaitali bwanji. Ndinkangoganiza kuti safika pamulingo, lero safika, thirakitala yonyamula masamba ibwera iwo asanafike. Ndinkamva phokoso lija la masamba akamathyoka, lofewa, losalekeza, ngati mvula yoyamba padenga la udzu, ndipo ndinkaganiza kuti likuchokera kwa othyola. Linkachokera kwa ine. Manja anga onse awiri anali pamwamba pa tiyi, akuyenda okha, akudzaza zikhatho n'kuponya kumsana osayang'ana. Ndinali nditayenda kale mumzere, ndipo m'mbuyo mwanga tiyi anali atasalala.

Nditazindikira ndinaima. Mayi wachizungu anali atandilozetsa foni, ndipo atatsitsa anaomba m'manja. Akapitawo anabwera pang'onopang'ono, n'kugoneka ndodo yawo pamene ndinathyolapo. Inagona bwinobwino.

"Manja awa sanaphunzire lero," anatero.

Ndinafuna kunena kuti ndinaonera pa TV, kapena kuti kwathu tili ndi kamunda ka tiyi. Amayi aang'ono ndi amene anayankha, mosangalala, dzanja lili paphewa panga. Anati n'zakumtundu, mwanayu anabadwira mu tiyi, ndipo mayi ake ali pompano. Anaika dzanja pamphumi n'kuyang'anayang'ana m'munda.

"Si awo apo! Achemwali! Tabwerani mudzamuone mwana wanu, watichititsa manyazi tonse kuno."

Othyola onse anatembenuka. Amayi anaima kaye, ngati sanamve. Kenako anayamba kubwera, akudzipanikiza pakati pa mizere, dengu likugwedera kumsana. Atafika anapinda mawondo kwa akapitawo, n'kupinda kwa azungu. Dzanja lamanja linali pansi pa pulasitiki. Amayi aang'ono anatambasula manja onse awiri kuti awagwire, koma amayi anabwerera m'mbuyo pang'ono, akuti ali ndi matope, awadetsa zovala. Ine sanandiyang'ane. Ndikanakonda akanandiyang'ana, ngakhale mokwiya.

Mayi wachizungu uja anasangalala kwambiri atamva kuti ndi mayi ndi mwana. Anatiimika pamodzi n'kutijambula. Kenako ananena zina mofulumira, ndipo Chingerezi changa chinagwirapo mawu okwanira kundiziziritsa. Mtsikana wa pa loji anamasulira akumwetulira: akuti masana adya ndi bwana wa esiteti, yemwe ndi mnzawo wakale, ndipo akam'wonetsa kanemayo kuti aone mmene luso limayendera m'banja. Amayi anati zikomo. Anapindanso mawondo n'kubwerera kumzere wawo, amayi aang'ono akuwatsatira pang'ono ndi nkhani.

Akapitawo anayamba kutolera timadengu. Langa analitenga pomaliza. Analowetsamo dzanja, n'kutulutsa masamba aja awiri okhwima amene ndinathyola dala, n'kuwataya pansi. Otsalawo anawapukusa m'zala. Kenako anayankhula m'Chilomwe, motsitsa, maso ali m'kadengu.

"Tsamba ili ndimalidziwa. Limabwera Loweruka, pansi pa dengu la mayi ako. Ndakhala ndikuyang'ana kumbali chifukwa panalibe wondifunsa. Tsopano mwandiika pafoni ya mzungu."

Ndinayamba kulira popanda mawu.

"Pukuta, akuona. Bwana akandifunsa, ndinena kuti ana a pa esiteti amakula akuonerera. Koma kuyambira Lolemba ndiziyambira kubulugama. Ndikakupeza, ndilemba. Nanenso ndili ndi ana m'nyumba ya kampani."

Anatembenuka n'kukauza azungu, m'Chingerezi chawo chaulemu, kuti asamale poterera.

Masana a dzulo anali aatali kuposa tsiku lililonse limene ndikulikumbukira. Amayi aang'ono anafuna kuti tichite zonse zimene anthu opuma amachita. Tinakhala pansi pa mtengo waukulu wa maluwa ofiira, tinamwa madzi a zipatso ndi timapaipi, iwo anandipaka utoto m'zikhadabo. Ankandiuza za odwala awo oseketsa, za bambo wina amene anabisa nkhuku yamoyo pansi pa bedi la m'chipatala. Ndinkaseka pamene pankafunika kuseka. Khutu langa linali kumsewu.

Galimoto ya bwana inafika nthawi ya nkhomaliro, yoyera, ya matope m'mbali. Iye ndi Mmalawi, wonenepa pang'ono, wa kabudula ndi masokosi aatali. Anakhala ndi azungu aja patebulo la pakona, ife tili chapakati. Ndinakhala mowapatsa msana, koma pakhoma panali galasi lalikulu, ndipo ndinkawaona onse. Anadya, anaseka, anayankhula za mvula. Nsomba yanga inazizira m'mbale. Ndinayamba kuganiza kuti mwina mayiyo waiwala. Atabweretsa tiyi, mayiyo anatsegula chikwama n'kutulutsa foni.

Bwana anatenga foni, n'kuiika patali ndi maso monga amachitira akuluakulu. Anaonera. Anaikhudza ndi chala n'kuoneranso kachiwiri. Sanaseke. Kenako mayiyo analoza tebulo lathu, ndipo bwana anatembenuka. M'galasi maso athu anakumana. Anakweza kapu yake pang'ono, n'kugwedeza mutu. Amayi aang'ono anakweza yawo mokondwa, n'kundigunda ndi chigongono, akuti ndatchuka. Ine mpaka pano sindikudziwa tanthauzo la kugwedeza mutu kuja. Ndakutembenuza mbali zonse. Mwina kunali kuyamika. Mwina kunali kwa munthu amene wasunga nkhope kuti aikumbukire.

Ngakhale bwana ataiwala, akapitawo saiwala. Kubulugama sindingapitenso. Ndipo ndinaliona dengu la amayi dzulo, ndikudziwa pamene limafika popanda ine. Akalephera mulingo sabata ino ndi yamawa, sipafunikanso foni ya mzungu. Ndakhala ndikuwerengera zimenezi m'bafa, pabedi, ngakhale m'mawa uno pamene tinayenda kukaona mathithi a m'nkhalango, amayi aang'ono akundionetsa mbalame ya mchira wautali. Kulikonse kumene ndayang'ana ndikuona mphasa yathu panja, mvula ikugwa.

Pobwera kumathithi anandigwira dzanja pamalo oterera, ndipo anaona kabala kakang'ono pachala changa, kamene kanthambi ka tiyi kanandicheka dzulo. Kabala koti ine sindinakamve n'komwe. Anandikhazika pamwala, n'kutulutsa thonje ndi mankhwala m'chikwama chawo, chifukwa sayenda popanda zimenezo. Anatsuka mofatsa, akupemerera. Ali mkati momata pulasitala ananena, osandiyang'ana, ndi mawu aang'ono amene sindinawamvepo kwa iwo:

"Mayi ako dzulo anandikana dzanja. Kodi ndinalakwa kubwera kuno? Mwina akuona ngati ndabwera kudzadzionetsa, ine pakhonde iwo m'munda."

Ndinati ayi, si choncho. Anadikira kuti ndipitirize. Mawu anafika pakhosi, koma ndinamva zala za amayi pachibwano panga, ndipo ndinangoti ndi matope aja. Anagwedeza mutu, n'kutseka chikwama. Njira yonse yobwerera sanaseke.

Ndakhala ndikuyang'ana pulasitala ameneyu pamene ndikulemba. Kabala kosaoneka kalandira thonje, mankhwala ndi kupemerera. Dzanja la amayi latha chaka likulandira mchere ndi chigamba cha chitenje. Sindikudziwa ngati namwino angalichiritse. Mwina anena kuti lipume, ndipo amayi ayankha kuti tiyi sapuma. Mwina akangana mpaka anthu a nyumba yoyandikana amve. Amayi akhoza kukhala masiku osandiyankhula, ndipo zimenezo ndimaziopa kuposa kukalipiridwa. Koma ine thandizo langa latha, ndipo munthu wina amene ndikumudziwa woti angagwire dzanja limenelo n'kudziwa chochita ndi amene wagona m'chipindamu, akuganiza kuti mkulu wake wamuda.

Galimoto itinyamula dzuwa likapendeka. Amayi aang'ono agona kwathu kukomboni lero, akuti akwera minibasi ya ku Limbe mawa. Ndikudzidziwa, ndikati ndinene ndi pakamwa ndilepheranso. Choncho sindinena. Mawa m'mamawa, amayi akatenga kabeseni ka madzi a mchere n'kupita kuseri kwa nyumba, ndidzutsa amayi aang'ono, ndiwagwira pamkono, ndipo ndipita nawo kumeneko kansalu kasanamangidwe.